Mwawerenga buku lanji? Kukambirana za mabuku m'kalasi ndi pa ZIP

Tikamaliza phunziro la kuwerenga, ambiri a ife timafunsa ana mafunso onga awa: "Nkhaniyi ikunena za yani? Zinacitikira kuti? Kalulu anacita ciyani?" Mafunsowa ndi ofunika, koma mayankho ake ali kale patsamba. Mwana wocenjera amangoyendetsa cala mpaka apeze mzere wokhala ndi mawu ofanana ndi a m'funsolo, n'kuuwerenga mokweza, ife n'kunena kuti wakhoza. Apo sitinadziwebe ngati nkhaniyo yamulowa m'mutu.

Pali mafunso ena awiri amene sitiwafunsa kawirikawiri: "Iwe nkhaniyi waiona bwanji?" ndi "Ukufuna kuti sabata yamawa tiwerenge iti?" Mayankho a mafunso amenewa sapezeka patsamba, ndipo mwana sangawaonere kwa mnzake. M'nkhani ino tifotokoza cifukwa cake mafunsowa ali oyenera m'kalasi ya zilankhulo ziwiri, mmene tingawafunsire, ndi mmene ife aphunzitsi tingayambire kufunsana tokha.

Cifukwa cake tiyambire m'Cinyanja

Maphunziro a zilankhulo ziwiri anayesedwa koyamba m'dziko lino kuyambira 1993 mpaka 1997, pa nchito ya PEBIMO imene inayendetsedwa ndi INDE. Ku Tete ana anaphunzira m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi, ku Gaza m'Xichangana ndi m'Cipwitikizi. Cimodzi mwa zimene ofufuza anaona m'makalasi amenewo n'cakuti ana anali omasuka kulankhula ndi mphunzitsi kusiyana ndi anzawo ophunzira m'Cipwitikizi cokha. Zimenezi zinathandiza kuti mu 2003 maphunzirowa alowe m'masukulu a boma.

Phindu lalikulu la kalasi yathu ndi limenelo: mwana ali ndi pakamwa. Mwana wa kalasi 2 sangathe kufotokoza maganizo ake m'Cipwitikizi, koma m'Cinyanja amatero tsiku lililonse. Mumvereni pa masewera a phada kapena a mpira wa mapepala: amatsutsa, amapereka zifukwa, amachula mboni. Tikagwiritsa nchito Cinyanja pongobwerezetsa ana mawu onse pamodzi, luso limenelo timalisiya panja pa citseko.

Ndipo luso limeneli silithera m'Cinyanja. Mwana amene wazolowera kunena kuti "ine ndikuganiza kuti... cifukwa..." akafika kalasi 4, pamene Cipwitikizi cimayamba kutenga malo aakulu, sayambanso kuphunzira kuganiza. Amangofuna mawu atsopano, "eu acho que" ndi "porque", oti avekere cinthu cimene ali naco kale. Amene sanazolowere amakumana ndi mitolo iwiri nthawi imodzi, cilankhulo ndi kaganizidwe, ndipo ambiri amangoti zii.

Kubwereza nkhani ndi kunena maganizo n'zosiyana

Tiyeni titenge nthano imene ana ambiri amaidziwa. Kunagwa cilala, nyama zinakumba citsime, Kalulu anakana kukumba nawo. Pambuyo pake ankabwera kudzamwa madzi, atanyengerera alonda ndi uci n'kuwamanga. Womaliza kulondera anali Kamba, amene anamugwira.

Mwana akanena zimenezi mwadongosolo, wabwereza nkhani. Ndi sitepe yoyamba, ndipo n'njofunika. Yaciwiri ndi maganizo: "Kodi nyama zinacita bwino kumumana madzi Kalulu?" Wina adzati inde, waulesi asadye. Wina adzati ayi, madzi samana munthu ngakhale atalakwa. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo zonse ziwiri anazimva kwa akulu kumudzi. Yacitatu ndi umboni: "Tisonyeze pamene buku likukupatsa maganizo amenewo." Apa mwana amabwerera patsamba, koma tsopano akufunafuna cinthu cake, cakuti agonjetsere mnzake pa mtsutso. Kuwerenga kwaciwiri kumeneku ndiko kumazamitsa kumvetsa.

Mphunzitsi asafulumire kugamula. Tikangonena kuti "phunziro la nthanoyi ndi lakuti ulesi ndi woipa", mtsutso watha, ndipo sabata yotsatira ana adzangodikira kuti timve zimene aphunzitsi akufuna. Mwana akati buku silinamusangalatse, tisamudzudzule. Timufunse pamene linamutopetsa. Yankho lake lingatiuze kuti ziganizo zinali zazitali, kapena kuti munali mawu amene kwawo sawagwiritsa nchito.

Mmene tingacitire m'kalasi ya ana ambiri ndi mabuku ocepa

Mphindi 15 kamodzi pa sabata n'zokwanira, makamaka Lacisanu. Ngati buku ndi limodzi, mphunzitsi awerenge mokweza, akuonetsa zithunzi. Kenaka afunse funso limodzi lokha la maganizo, ana ayambe akambirana awiriawiri. Izi zimathandiza amanyazi, makamaka amene sakweza dzanja, kuti ayese mawu awo kwa mnzawo asanalankhule pagulu. Pambuyo pake ana atatu kapena anayi alankhule, ndipo sabata iliyonse akhale ena, atsikana ndi anyamata mofanana. Mphunzitsi alembe pabolodi ciganizo ca mwana monga mmene wacinenera, ndi dzina lake pambali. Mwana akaona mawu ake pabolodi amafuna kuwawerenga.

Kuyambira kalasi 2 kapena 3, aliyense asunge masamba omaliza a kope lake kuti azilembamo dzina la buku, tsiku, ndi ciganizo cimodzi ca zimene waganiza. Pakutha pa caka tsambalo limakhala mbiri ya kuwerenga kwake, ndipo makolo angalione.

Tsopano kusankha buku lotsatira. Ikani mabuku atatu patsogolo. Onetsani cikuto ca lililonse, werengani dzina lake ndi ziganizo ziwiri zoyambirira, basi. Ana anene zimene akuganiza kuti zili m'katimo. Kenaka aliyense aike njere ya cimanga kapena kamwala patsogolo pa buku limene akufuna, ndipo kalasi yonse iwerenge njerezo pamodzi, komwe kulinso kuphunzira masamu. Mabuku amene sanasankhidwe abwererenso sabata yotsatira, kuti amene anawakonda asataye mtima. Mwana amene wasankha nawo buku amamvetsera kuti aone ngati analota zoona.

Nafenso aphunzitsi tikambirane

N'kovuta kufunsa mwana maganizo ake pa buku ngati ife eni ake sitinafunsidwepo. Pa msonkhano wa ZIP kapena pa jornada pedagógica, patulani theka la ola kuti aphunzitsi awiri kapena atatu afotokoze zimene awerenga posacedwa. Aliyense ayankhe mafunso anayi: ndawerenga ciyani, candigwira mtima kapena candikwiyitsa n'ciyani, lingathandize kalasi iti, ndipo ndikufuna kuwerenga liti tsopano. Buku libwere pamsonkhanopo, kuti wofuna kubwereka alembe dzina lake ndi tsiku lobweza.

Mabuku oyambira alipo. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma ku Malawi, linatuluka mu 1933. Limalondola moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa, unyamata wake wosamvera, mpaka kukhala mfumu ya mudzi. Aphunzitsi a ku Angónia ndi ku Tsangano angatsutsane bwino kuti ndi miyambo iti ya m'bukumo imene ikadalipo kwawo ndi iti imene inatha. Sikusinja ndi Gwenembe, la John W. Gwengwe, ndi nkhani ya munthu wopha mbale wake cifukwa ca kaduka, n'kuululidwa ndi mbalame. Funso loyenera pamenepo ndi lakuti nkhani yotere tingaiwerengere ana a msinkhu uti.

M'Cipwitikizi muli Nós Matámos o Cão Tinhoso, la Luís Bernardo Honwana, la mu 1964. Nkhani yake yoyamba amaifotokoza mnyamata wa sukulu amene ali m'gulu la anyamata otumidwa kukapha galu wodwala, pomwe mtima wake sukufuna. Aliyense amene anaonapo mwana akucita coipa poopa kusekedwa ndi anzake adzakhala ndi conena. O Gato e o Escuro, la Mia Couto, la mu 2001, ndi la ana, lonena za kamphaka ndi mdima. Cipwitikizi cake n'cosewera ndi mawu, conco ndi bwino kuti aphunzitsi ayambe aliwerenga okha n'kugwirizana ngati ana awo angalitsate. Kukambirana buku la Cipwitikizi m'Cinyanja si kulakwa. Ndi mmenenso tingacitire ndi ana a kalasi 4 ndi 5: awerenge m'Cipwitikizi, atsutsane m'Cinyanja, kenaka alembe ciganizo cimodzi m'Cipwitikizi.

Cenjezo limodzi pa mabuku a ku Malawi ndi kalembedwe. Kuno timatsata zimene zinagwirizanidwa pa misonkhano ya kalembedwe ka zilankhulo za dziko lino ya mu 1988, 1999 ndi 2008. Ife timalemba "cimanga" ndi "nchito", iwo amalemba "chimanga" ndi "ntchito". Kwa mphunzitsi si vuto. Kwa mwana wa kalasi 1 kapena 2, amene akungoyamba kugwirizanitsa lemba ndi liwu, zingamusokoneze, conco mabuku amenewa timuwerengere ife mokweza. Ana okulirapo tingawaonetse kusiyanako pabolodi, ndipo sacedwa kuzolowera. Mawu enanso amasiyana pakati pa Cinyanja ca kunyanja, ku Lago, ndi ca kumapiri a ku Angónia kapena ca ku Milange. Mphunzitsi amene wawerenga buku auze anzake mawu otere asanalitengere m'kalasi.

Mabuku akatha

Sukulu imene ili ndi mabuku a nthano asanu idzawamaliza m'mwezi umodzi ndi theka. Apa m'pamene ZIP imathandiza, pakuti mutu umodzi susenza denga: masukulu asinthane mabuku pa msonkhano uliwonse. Amene ali ndi foni ya intaneti angapeze nthano zaulere pa African Storybook, kumene zina zili m'cilankhulo cathu, n'kuzikopera pamapepala aakulu m'kalembedwe ka kuno. Gwero lina ndi agogo a anawo. Mwana abwere ndi nthano ya kwawo, kalasi isankhe imene yaikonda, mphunzitsi ailembe, ana ajambule zithunzi, asoke ndi ulusi. Limenelo ndi buku, ndipo lingaikidwe pakati pa atatu aja Lacisanu lotsatira.

Tikupempha kuti ZIP iliyonse imene iyese njirayi itilembere mayina a mabuku amene aphunzitsi ndi ana awerenga, amene awakonda, amene sanawakonde ndi zifukwa zake, komanso amene akufuna kuwerenga koma sakuwapeza. Mndandanda womalizawu ndi wofunika kwambiri kwa ife, cifukwa udzasonyeza mabuku amene akusowa m'Cinyanja.