Phwando la Khrisimasi pa Malo a Ntchito

Mwezi wa December ukafika, eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja kuno ku Chintheche, ndiponso a ku minda ya tiyi ndi ya mphira, amakonzera antchito awo kaphwando kotsekera chaka. Kawirikawiri Mkatolika ndiye amapemphedwa kukongoletsa chipinda ndi kutsegula ndi pemphero. Akatekisiti athu atifunsa kuti: kodi Mkhristu wotere achite bwanji, poti pa mkeka womwewo pali Msilamu, wa Sabata ndi wa Mboni za Yehova?

Tiyambe ndi khola la Mwana Yesu. Mwambo umenewu anaufalitsa ndi Fransisko Woyera wa ku Assisi, pa mudzi wa Greccio, m'chaka cha 1223, kuti anthu wamba aone ndi maso umphawi umene Ambuye anabadwiramo. Tisachite nalo manyazi. Koma tilingalire malo ake. Mtanda ndi chithunzi cha Amayi Maria si maluwa okongoletsera gome la mabotolo, ndipo khola likaikidwa pamene anthu akuvina ataledzera, ndife tomwe talinyoza. Ngati anzathu avomera, liikidwe pambali, pa malo aulemu. Ngati ena akuwawidwa nalo mtima, kwathu ndi ku tchalitchi malo alipo.

Za Asilamu, Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano unaphunzitsa mu 1965 kuti Eklezia amawalemekeza, pakuti amapembedza Mulungu mmodzi, amalemekeza Yesu ngati mneneri ndiponso amayi ake Maria. Tsono pemphero lothokoza Mulungu Mlengi chifukwa cha chaka, ntchito ndi nyanja, iwo angathe kuliyankha ndi mtima wonse. Ife tichite chizindikiro cha mtanda monga mwa nthawi zonse, osakakamiza wina.

Pa chakudya ndi pamene timalakwa kwambiri, mwina osadziwa. Mbuzi aizinge Msilamu, monga amachitira m'midzi yambiri pa ukwati ndi pa maliro. Ife sititaya kanthu. Nkhumba isakhudze mphika kapena chipande cha ndiwo zina. A Sabata sadya nsomba zopanda mamba, choncho kampango ndi mlamba, ngakhale zikome bwanji ndi kondowole, zisakhale ndiwo zokhazo. Usipa ndi chambo zikhalepo. Phwando lisaikidwe Lachisanu madzulo kapena Loweruka masana. Ndalama za msonkhamsonkha zisathere ku mowa, pamene ena osonkha samwa.

Nanga amene wakana kubwera? A Mboni sachita Khrisimasi, ndipo mizu yawo m'dziko muno ili m'boma lathu lino la Nkhata Bay, kumene Elliot Kamwana analalikira za Watch Tower mu 1908 ndi 1909, pafupi ndi mishoni ya Bandawe imene inakhazikitsidwa mu 1881. Akuluakulu akukumbukira kuti mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, kuti ambiri anamenyedwa ndi kuthawira ku Mozambique ndi ku Zambia chifukwa chokana kugula khadi la chipani, mpaka chiletso chinachotsedwa mu 1993. Sitigwirizana nawo pa chiphunzitso, komabe ife amene tinaona zimenezo sitingamuumirize munthu kulowa m'phwando kuti asunge ntchito. Kapitao Wachikatolika asamulembe kuti wajomba, ndipo ngati antchito akugawiridwa shuga, mpunga kapena ndalama za kumapeto kwa chaka, gawo lake alandire ngati malipiro a thukuta lake, pa tsiku lina la ntchito.