Masese a pa Chibolya ndi khunyu la m'makomboni

Pamsika wa ziweto wa Chibolya, pafupi ndi Kanyama mu Lusaka, munthu wodziwa malonda a nkhumba satulutsa ndalama asanaone lilime. Anyamata awiri kapena atatu amaigwetsa pansi nkhumbayo, wina n'kuipingasa kamtengo m'kamwa kuti isalume, kenako amalikoka lilime ndi kansalu poti limaterera. Wogula amalitembenuza, kusuzumira kunsi kwake, n'kumalisisita ndi chala. Akakhudza timatuza toyera tofanana ndi njere za mpunga, mtengo wagwa pomwepo. Nkhumbayo ili ndi masese.

Koma lilime silinena zonse. Akatswiri a zaumoyo wa ziweto a ku University of Zambia, motsogozedwa ndi Isaac Phiri, anayeza nkhumba 1,316 pamalo ophera nyama mu Lusaka ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 2002. Poyang'ana lilime, masese anapezeka pa nkhumba pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse. Atazipha n'kucheka minofu, chiwerengero chinafika pa 20 mwa 100. Pafupifupi theka la nkhumba zodwala linali litadutsa ngati labwinobwino.

Masesewa ndi ana a njoka yam'mimba yotchedwa Taenia solium, yopyapyala, yamfundomfundo, ya m'gulu limodzi ndi tizilombo toyambitsa likodzo. Munthu akadya nyama ya masese yosapsa bwino, kamwana kamodzi kamakakamira kumatumbo, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu kakhala njoka yotalika mamita awiri, atatu, mwina kuposa. Mfundo zake zakumchira zimathothoka n'kutuluka m'chimbudzi cha munthuyo, iliyonse itanyamula mazira masauzande ambirimbiri. Kumudzi, kumene nkhumba zimayenda momwe zifunira ndipo anthu ena amadzithandiza kuthengo, nkhumba imadya chimbudzicho, mazira n'kuswa, n'kukakhazikika m'minofu yake. Ndiyo nkhumba yomwe imadzakwera lole kuchokera kuchigawo cha kumwera kudzatsikira pa Chibolya.

Chodabwitsa n'chakuti mwini njokayo kawirikawiri samva kudwala kwenikweni. Tsoka lalikulu limagwera amene wameza mazira aja, kaya m'madzi, pandiwo zamasamba zosatsuka, kapena pachakudya chogwiridwa ndi manja osasamba. Thupi lake limachita zomwe limachita thupi la nkhumba: masese amamera m'minofu, pansi pa khungu, m'diso, ndipo choopsa koposa, mu ubongo. Amatha kukhala chete zaka zingapo. Tsiku lina munthu amene sanadwalepo khunyu chibadwire amangogwa, thovu kukamwa. Bungwe la WHO likuti m'madera ambiri momwe njokayi ndi yofala, anthu atatu mwa khumi alionse odwala khunyu chiyambi chake n'chimenechi.

Choncho amene sadya nkhumba asadzione ngati wapulumuka. Msilamu wa ku Chawama, wa Sabata wa ku Matero, mwana woyamwa amene sanalawepo nyama, onsewa angathe kumeza mazira ochokera kwa mnansi. Mu 1992 madokotala analemba za Ayuda anayi osunga mwambo a ku New York, amene nkhumba saiyandikira n'komwe, koma anapezeka ndi masese mu ubongo. Kafukufuku analoza kwa antchito a pakhomo ochokera ku Latin America, kumene njokayi ilinso yambiri.

Apa m'pamene nkhani ya nkhumba imasanduka nkhani ya zimbudzi. Kanyama, George ndi Chawama zinamangidwa pamwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, ndipo madzi apansi ali pafupi kwambiri. Chimbudzi chokumba ndi chitsime chosaya zimakhala pabwalo limodzi, mabanja angapo a lendi n'kumagwiritsa ntchito zonse ziwiri. Mvula ya Januwale ikalimbika, zimbudzi zimasefukira, madzi n'kuyenda m'tinjira momwe ana amasewera. Anthu amaikumbukira njira imeneyi chifukwa cha kolera wa mu 2017 ndi 2018, pamene boma linaletsa kuyenda usiku mu Kanyama, ndiponso wa mu 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala. Kolera amagwetsa munthu tsiku lomwelo, ndipo dziko lonse limadzidzimuka. Mazira a njokayi amakhala amoyo m'dothi lonyowa kwa miyezi, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka mwakachetechete, pakhomo limodzilimodzi, popanda woziwerengera.

Pakhomo paja, wogwa khunyu amathamangitsidwa kwa sing'anga kapena kumapemphero a usiku, poganiza kuti walodzedwa. Ena amamupatsa mbale yakeyake, ati malovu ake ndi opatsirana. Khunyu silipatsirana, ndipo kumusala munthu wotere n'kumuwonjezera katundu pachabe. Munthu wamkulu akayamba kugwa mwadzidzidzi, kapena mutu ukamamupweteka mosalekeza, malo oyambira ndi chipatala cha Kanyama, Matero kapena Chawama, kumene angamutumize ku chipatala chachikulu cha UTH kukajambulidwa mutu.

Mankhwala alipo. Njoka yam'matumbo imafa ndi praziquantel kapena niclosamide, kumwa kamodzi kokha. Praziquantel yemweyu ndi amene ana asukulu amalandira pothana ndi likodzo. Masese a mu ubongo ndi nkhani ina. Akamafa, ubongo umatupa, ndipo munthu angathe kugwa koposa kale. N'chifukwa chake dokotala amapereka albendazole pamodzi ndi mankhwala ochepetsa kutupa ndi oletsa kugwa. Kungogula mapiritsi pakantemba n'kuika moyo pachiswe.

Kwa okonda michopo, nyama yootcha ya pafupi ndi mabala a ku Mtendere ndi Kalingalinga, mchere wowaza, tsabola ndi mowa sizipha masese. Chimapha ndi moto wofika m'kati. Nthuli yopserera kunja koma yofiira pakati, yomwe wootcha waiphula msanga poona mzere wa makasitomala, ibwezedwe pamakala.

Kumbali ya nkhumba nakonso njira inapezeka. Katemera wa TSOL18, yemwe anapangidwa ku University of Melbourne, amateteza nkhumba, pamene mankhwala a oxfendazole amapha masese amene alowa kale. M'midzi ina ya ku Katete akatswiri anayesa zonse pamodzi, kutemera nkhumba, kuzimwetsa mankhwala, kupereka mapiritsi kwa anthu ndi kuwaphunzitsa, ndipo m'zaka ziwiri matendawa anatsika kwambiri. Chatsala n'chakuti zimenezi zifike kwa mlimi wamba pamtengo umene angakwanitse.

Pakadali pano nkhumba yokanidwa chifukwa cha lilime kawirikawiri siitayidwa. Mwini wake wailipirira kale lole, sangabwerere nayo kumudzi, choncho amaigulitsa motchipa kwa amene sakufunsa zambiri. Imakaphedwera kuseri kwa nyumba kumene woyeza nyama wa khonsolo safikako, n'kudulidwa tinthuli ting'onoting'ono togulitsa kwa mabanja amene ndalama zawo sizifika kubutchala.