Mabokosi Amene Amayesa Wailesi Isanafike Kumudzi

Ku City Market mu Lusaka, amisiri okonza mawailesi ndi lamya za m'manja amadalira mita, kacipangizo ka nthambo ziwiri, yofiira ndi yakuda. Mmisiri amagunditsa nsonga zake pamalo amodzi, nawerenga, nasunthira pena kufikira atapeza pamene pafa.

Ku mafakitale kumene zinthuzi zimapangidwa zikwizikwi, manja a munthu sangaithe nchito yotere. Kumeneko kuli bokosi lochedwa switch matrix. M'kati mwake nthambo zina zapingasa, zina zatsika, monga nsungwi za dengu, ndipo pa mphambano iliyonse pali kaswichi. Mamita amamangidwa ku nthambo zopingasa, malo ofunika kuyesedwa ku zotsika. Kompyuta ikatseka kaswichi kamodzi, mita imakumana ndi malo ake popanda munthu kugwirapo.

Bokosi la nthambo 4 zopingasa ndi 8 zotsika lili ndi mphambano 32. Likacepa, amisiri amabweretsa linzake. Akalumikiza zopingasa kwa zopingasa, mamita 4 omwewo amafika pa malo 16. Akalumikiza zotsika kwa zotsika, malo amakhalabe 8 koma mamita amakwana 8. Wofuna mamita 8 pa malo 16 ayenera kukhala ndi mabokosi anai, ndiwo mphambano 128.

Apa ndipo pafunika kusamala. Nthambo yolumikizira ikatalika kwambiri imafooketsa mphamvu yoyesedwa, ndipo mita imanama. Nthambo imodzi ikasokera, magetsi angakumane pamene sayenera ndi kuocha maswichi. Ncifukwa cace mmisiri wodziwa amalemba nambala pa nthambo iliyonse, ndipo amayamba wayesa mphambano zonse asanaikepo katundu.

Nzeruyi inakulira mu nchito ya lamya. Kale wogwira nchito pa ekisicenji ndiye anali kulumikiza oimbirana ndi manja. Mu 1891 Almon Strowger wa ku America analembetsa makina olumikiza okha, ndipo pambuyo pace kunadza ena a nthambo zopingasana, ochedwa crossbar. Kuno kwathu nchito yolumikiza lamya, monga za ku Woodlands ndi Chelstone, inali m'manja mwa PTC kuyambira 1975 kufikira 1994, pamene Zamtel inabadwa.

Mlimi amene wagulitsa cimanga nagula wailesi pa msika saliona bokosilo. Koma ngati linalumikizidwa bwino, wailesi yacilema imagwidwa isanacoke ku fakitale, ndipo ndalama za thukuta lace sizipita m'madzi.