ULENDO WA TSIKU LIMODZI PA PHIRI LA ZOMBA

Munthu wokhala m'tauni akafuna madzi amangotsegula mpopi. Mai wa ku Kitwe kapena ku Luanshya aika ndowa yace pansi, madzi nadzaza, ndipo palibe comukakamiza kufunsa kumene madziwo acokera. Koma madzi onse ali ndi kwao. M'dziko la Malawi muli malo ena kumene munthu angathe kulondola mtsinje ndi mapazi ace pa tsiku limodzi, kuyambira pa damu lomwetsa mzinda wonse kufikira ku madambo kumene mtsinjewo uyambira, naona ndi maso ace cimene cisunga madzi ndi cimene ciwaononga. Malowo ndi phiri la Zomba.

Njira yopitira ku Zomba

Wocokera ku Chadiza ayamba wafika ku Chipata, naoloka malire pa Mwami kulowa ku Mchinji, napitirira mpaka ku Lilongwe. Kucokera apo mseu uloza kumwera, kudzera ku Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde, kumene uoloka mtsinje wa Shire. Cinenero sicibvuta pa njira yonseyi, pakuti Acewa a ku Chadiza ndi a ku Malawi ndi anthu amodzi, amene amakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Ku Zomba kweni-kweniko kuli Ayao, Anyanja ndi Alomwe, koma onse amamva Cinyanja.

Mzinda wa Zomba unali likulu la Boma kuyambira 1891 kufikira 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsalabe komweko mpaka 1994. Mzindawu uli m'tsinde mwa phiri. Phirilo silisongoka monga mapiri ambiri a ku Chadiza. Pamwamba pace ndi potakata ngati licero lalikulu: m'mphepete ndi mokwera, pakati ndi polowa. Nsonga yace yaitali koposa, yochedwa Malumbe, ifika mamita 2,087 kucokera pa nyanja ya mcere. Mvula yogwa m'licero limeneli isonkhana m'timitsinje tambiri, ndipo timitsinjeto tikumana mu mtsinje wa Mulunguzi. Ulendo wa tsikuli ndi wotsata mtsinje umenewo.

Woperekeza alendo

Galimoto likwera mseu wokhota-khota kufikira pa hotela ya Ku Chawe, m'mphepete mwa phiri. Pafupi pomwepo pamakhala anthu ogulitsa zipatso za m'phirimo, ziboliboli ndi miyala yonyezimira. Munthu wa ku migodi sangapitirire miyalayi osaigwira: ina ndi yakuda bii yonga makala opukutidwa, ina ndi yooneka ngati galasi lolowa utsi, ndipo yambiri imakumbidwa ku phiri la Malosa, limene lilekana ndi Zomba pa cigwa ca Domasi.

Pomwepo pamapezekanso operekeza alendo, anyamata ndi abambo a m'midzi yozungulira phiri, amene ali ndi bungwe lao. Mlendo wanzeru ayamba wapangana nao mtengo ndi njira asananyamuke. Kuyenda wekha kumaoneka kosabvuta m'mawa kukawala, koma pamwambapo pali tinjira tambiri ta odula mitengo, tofanana tonse, ndipo nkhungu ikatsika, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July pamene iomba mphepo ya Ciperoni, munthu saona ngakhale mtengo umene uli patsogolo pace. Safunsa anadya phula. Cobvala cofunda, nsapato zolimba ndi kamba wa pa njira ndizo zofunika, cifukwa ulendo wa pansi utenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi.

Damu ndi mathithi

Malo oyamba kuima ndi damu la Mulunguzi, limene linatsirizidwa ca m'ma 2000 m'malo mwa damu laling'ono lakale. Likadzala lisunga madzi oposa makyubiki mita 3 miliyoni, ndipo popeza lili pamwamba ndithu pa mzinda, madzi atsika okha m'mipope mwa kulemera kwao. Ku migodi anthu adziwa bwino ndalama zimene zimathera pa makina opopa madzi usana ndi usiku. A ku Zomba phiri liwacitira nchito imeneyo kwaulere. Iwo amene amwa madziwa ndi ambiri: a m'makomo, odwala a m'cipatala cacikulu, ophunzira a pa yunivesite, asilikali ndi a m'ndende.

Kucokera pa damu njira ikwera motsata mtsinje, pansi pa mitengo ya cibadwidwe imene nthambi zace zikumana pamwamba pa madzi. Muli mthunzi wozizira ngakhale mu October. Posacedwa alendo afika pa mathithi a Mandala, napitirira maiwe amene anakumbidwa kuti aziwetamo nsomba za trout, zobwera ndi Azungu, zimene zikhala m'madzi ozizira okha. Kumtunda kwace kuli mathithi a Williams, kumene madzi atsika pa matanthwe osanjikizana ngati makwerero, nagwera m'dziwe losaya limene alendo olimba mtima amasambamo. Woyenda mwakacetecete angathe kuona nchima zili kudumpha m'nthambi, kapena nkulukulu yotambasula mapiko ace ofiira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Woperekeza wodziwa nchito yace saleka kuonetsa alendo cinthu cimodzi pano. Apalasa masamba ogwa ndi dzanja, natapa dothi la pansi pace. Dothilo ndi lakuda, lofewa, lonyowa, ngakhale papita miyezi mvula isanagwe. Ici ndico cinsinsi ca mtsinje wosaphwa. Mvula ikagwa m'nkhalango iyamba yamenya masamba, nifika pansi mphamvu yace itatha. Zinyalala zoola ziimwa ngati cinkhupule, ndipo mizu iitsegulira njira zolowera pansi. Madzi olowa pansiwo ayenda pang'ono-pang'ono pakati pa miyala, naturukira pa akasupe patapita milungu kapena miyezi. Madzi amene agwa pa mathithi a Williams m'cilimwe ndi mvula ya dzinja lapita, imene nthaka inasunga.

Poonera dziko

Ulendo upitirira ku Chagwa, damu laling'ono labata la pakati pa mitengo, malo abwino opumulirapo ndi kudya kamba. Kucoka apo njira ifika m'mphepete mwa phiri ca kum'mawa, kumene kuli malo awiri ochuka oonera dziko. Ena achedwa Queen's View, pokumbukira amai ace a Mfumukazi Elizabeth amene anaceza ku Nyasaland mu 1957. Enawo achedwa Emperor's View, cifukwa ca Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafika mu 1965. Kukakhala kopanda utsi munthu aona phiri la Mulanje ca kumwera, cigwa ca Phalombe, ndi nyanja ya Chilwa ndi cisumbu cace ca Chisi.

Nyanja imeneyo ndiyo mathero a madzi amene alendo akhala ali kuwatsata. Mulunguzi atapyola mzinda athira mu Likangala, ndipo Likangala athira mu Chilwa. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje woturukamo. Ikhalira madzi a m'mitsinje yocokera ku mapiri. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso, mabwato a asodzi natsala pa matope ong'ambika. Kucepa kwa mvula ndiko kunayambitsa, koma matope okokoloka ku mapiri ndi ku minda aonjeza bvutoli, pakuti amakwirira nyanja caka ndi caka. Cotero nkhwangwa yolira pamwamba pa Zomba imvekera mpaka m'nyumba ya msodzi wa matemba amene sanakwerepo phirilo.

Mabala a phiri

Pa ulendo wonsewu mlendo sangalephere kuona malo ena ometedwa mpala, otsala zitsa zakuda zokha. Nkhalango ya Zomba inaikidwa m'manja mwa Boma kuti isungidwe mu 1913, ndipo m'zaka zotsatira mbali yaikulu inabzalidwa mitengo ya paini yocokera ku Mexico, yonga ija ya m'minda ya pafupi ndi Ndola, kuti dziko lipeze matabwa. Paini ndi mbeu monga cimanga: abzala, akolola, abzalanso. Cimene cinalakwika ndi cakuti kudula kunathamanga koposa kubzala. Anthu anacuruka m'tsinde mwa phiri, makala ndi nkhuni zinayamba kufunika kwambiri mu mzinda, ndipo mitengo ya cibadwidwe ya m'mbali mwa phiri inapita nayonso.

Mdani woposa nkhwangwa ndi moto. M'miyezi yotentha, kuyambira August kufikira mvula yoyamba, osaka mbewa ndi nyama ndiponso osadza minda amayatsa chire, ndipo mphepo ikwezera motowo kumtunda. Mtengo waukulu upirira moto, koma mbande ya caka cimodzi ipsa pa kamphindi. Nthaka yopserera iuma gwa, mvula siilowa, ndipo madzi athamangira ku damu atasenza dothi. Damu lolandira matope licepa mkati ngakhale khoma lace lioneke lamphamvu.

Akulu-akulu a ku Zomba asimbabe za December 1946, pamene mvula yoposa mamilimita 700 inagwa m'masiku awiri, mbali za phiri nizigumuka, milatho nikokoloka, anthu nafa. Anthu anati wapita Napolo, cinjoka ca pansi pa phiri, ndipo abale a Paseli anaimbapo nyimbo imene inamveka kwambiri pa wailesi. Mitengo siingathe kuletsa cigumula ca mtundu umenewo. Koma phiri lopanda mizu yogwira nthaka silidikira mvula yaikulu cotero kuti ligumuke.

Kumene nkhalango ili kubwerera

Potsika madzulo, amene ali ndi galimoto angapatukire pa mseu wa fumbi wopita ku mbali ya kumadzulo ya phiri, kumene kuli nyumba ya alendo ya Zomba Forest Lodge. Kumeneko kunayambira bungwe lochedwa TREEZ, logwira nchito pamodzi ndi midzi yoyandikana. Nzeru yao ndi yoyenera kuilingalira. Iwo anaona kuti kubzala nkosabvuta: caka ndi caka akulu a Boma ndi a mabungwe amabzala mbande zikwi-zikwi, anthu naomba m'manja, koma pofika October zambiri zapsa kapena zadyedwa ndi mbuzi. Tsono anaganiza zopereka mphotho poyang'ana mitengo imene yakhala moyo, osati imene yangobzalidwa.

Anapangananso ndi matimu a mpira wa miyendo ndi wa manja a m'midzi. Bungwe lithandiza timu ndi zosowa zace, ndipo timu isamala dera lace la phiri: ilambula njira zochinga moto mvula ikatha, ilimira mbande, ndipo utsi ukaoneka anyamata ndi atsikana athamangira kukazima. Caka ndi caka pamacitikanso mpikisano wa liwiro pa phiripo wosonkhetsa ndalama za nchitoyi. Mutu umodzi susenza denga.

Cina cimene mlendo aphunzira kumeneko ndi cakuti mitengo yambiri ya kuno siifuna kubzalidwa konse. Citsa ca msuku kapena ca mombo cikhala ca moyo pansi, ndipo mizu yace ndi yakuya kale. Moto ukaleka kupitapo zaka zocepa, ndipo mwini akapatulira mphukira kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, mtengo ukula msanga koposa mbande ya ku nazale. Mbande zifunika makamaka m'mbali mwa mitsinje ndi pa malo amene zitsa zinazulidwa, ndipo pamenepo iyenera mitengo yokonda madzi monga mkuyu, katope ndi mbawa. Dziko la Malawi linalonjeza kukonzanso mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka yoonongeka pofika 2030. Lonjezo lotere likwaniridwa ndi anthu ozima moto pa kaphiri ka kwao.

Za kwao kwa mlendo

Ku Chadiza kulibe phiri lalitali ngati Zomba, koma lamulo la madzi ndi limodzi. Mtsinje wa Nsadzu, madamu a Lutembwe omwetsa Chipata, Kafubu wa ku Ndola ndi Kafue wa ku migodi yonse, uliwonse uyambira pa dambo kapena pa kasupe wa pansi pa mitengo. Mitengoyo ikathera ku makala ndi ku zigafa za fodya, madimba auma msanga, zitsime ziphwa mvula isanabwere, ndipo amai aonjeza mtunda wokatunga. Thumba la makala logulidwa m'komboni lili ndi mtengo waciwiri umene ulipiridwa kumudzi.

Lamulo la za nkhalango la Zambia la 2015 lilola anthu a m'mudzi kupanga gulu, napempha Boma kuti awapatse ulamuliro wosamala nkhalango yao ndi kupindula nayo, mogwirizana ndi mfumu. Munthu wa ku migodi wopita kwao pa chuthi, ngakhale alibe ndalama zofikira ku Zomba, angathe kuyenda ulendo wofanana. Apemphe mkulu mmodzi wa pamudzi amperekeze kutsata kamtsinje ka kwao kufikira kumene kayambira, amuonetse pamene panali dziwe losambamo anyamata kale, ndi mitengo imene inalipo. Akabwerako akhale pansi ndi anyakwawa ndi anyamata a mpira, apangane za kulambula njira ya moto kuzungulira kasupeyo udzu usanaume.