Ngaka si buluzi: tiidziwe isanathe

Tsiku lina tikuweruka kuno ku Sharpevale, mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ngaka ndi m'bale wake wa buluzi eti?" Ine ndimaphunzitsa fizikisi, koma funso ili sindikanalisiya lipite.

Yankho ndi ayi. Mamba aja asakupusitseni. Ngaka imabereka mwana wamoyo n'kumamuyamwitsa, choncho ili m'gulu la nyama zoyamwitsa, limodzi ndi mbuzi komanso ife anthu. Asayansi anaipatsa kagulu kakekake kotchedwa Pholidota. Atayeza DNA anapeza kuti abale ake apafupi ndi amphaka ndi agalu, ngakhale iyo ilibe dzino ndi limodzi lomwe. Imangonyambita nyerere ndi chiswe ndi lilime lake lalitali lomata.

Mitundu ya ngaka yodziwika bwino ilipo 8: inayi ku Africa, inayi ku Asia. Ya kuno kwathu ndi Smutsia temminckii. Kusiyanitsa mitundu chonchi n'kofunika chifukwa bungwe la IUCN limayeza chiopsezo cha mtundu uliwonse paokha. Taganizani za masitepe otsikira m'dzenje: Vulnerable, kenako Endangered, kenako Critically Endangered. Pansi penipeni m'pomwe nyama imatheratu. Ngaka yathu ili pa sitepe yoyamba ija, pamene mitundu itatu ya ku Asia yafika kale pa yachitatu.

Nanga ikuthera chiyani? Ikaopsezedwa imadzipinda ngati mpira, moti ngakhale mkango umavutika kuiboola. Koma munthu amangoitola n'kuiponya m'thumba. Mamba ake amagulitsidwa mozemba ku Asia, ati ndi mankhwala, chonsecho ndi keratin, zomwe zomwezi zimapanga zikhadabo zanu. Komanso ngaka imabereka mwana mmodzi basi, mwina kamodzi pachaka. Werengerani nokha: kodi ingabwezeretse bwanji zomwe zikugwidwa?

Mu 2016, pamsonkhano wa CITES ku Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletsa malonda a ngaka pakati pawo. Kuno ku Malawi, lamulo lomwe linakhwimitsidwa mu 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kundende.

Ndiye wina akadzakunong'onezani kuti ngaka ndi ndalama, mukaneni. Mukaiona kumunda isiyeni ipite. Mukaona wina ataigwira, uzani akuluakulu adziwitse apolisi kapena a nthambi yoona za nyama zakutchire.