Khanda limakonda bere kapena msana?

Kwathu kwa Mkhumba ku Phalombe, khanda limaswera kumsana kwa mayi: kumunda, kuchigayo, kutchalitchi pa Sabata. Mayi akatopa, agogo amalibereka. Kodi chikondi chake choyamba chimachokera kuti?

Sigmund Freud ankati khanda limakonda mayi chifukwa amaliyamwitsa: bere limathetsa njala, chikondi n'kumera pamenepo. John Bowlby, yemwe adaphunzira maganizo a Freud omwewo, adatsutsa. Iye adati mwana amabadwa akufuna kukhala pafupi ndi womuteteza, monga momwe amafunira chakudya. Mary Ainsworth adayendera mabanja ku Uganda mu 1954 ndi 1955. Adaona kuti khanda lokhulupirira mayi wake limakwawira patali molimba mtima, n'kubwerera kwa iye likachita mantha.

Nkhaniyi ikutikhudza. Namondwe wa Freddy mu 2023 adasiya ana amasiye ku Phalombe. Tikamawathandiza timathamangira ufa ndi zovala, ndipo n'zofunikadi. Koma khanda limafunanso munthu wodziwika, wosasinthasintha, woliyankha likalira. Ife aphunzitsi a mawa tidzakumana nawo anawa m'kalasi. Tisadzafulumire kuwatcha amwano kapena amantha tisanafunse amene adawabereka kumsana.