KHOTI LIMAFUNSA: KODI NDI LUSO LATSOPANO?

MAGODI — M'dera la Mfumu Magodi, kumpoto kwa Lundazi, mnyamata akalumikiza kompyuta ku wailesi ya kanema, cithunzi cimadzikonza cokha ndi kudzaza galasi lonse. Maluso a mtundu wotere ndi amene makampani akulu amalimbirana m'makhoti a ku America.

Cithunzi ca pa galasi cimapangidwa ndi timadontho tondandalikidwa m'mizere. Mtundu wa VGA, umene kampani ya IBM inatulutsa mu 1987, uli ndi mizere 480 ya timadontho 640. Pa nthambo ya mtundu umenewu, kompyuta imatumiza cizindikiro mzere ukatha, ndi cina cithunzi conse cikatha. Makina a m'kanema amawerenga zizindikirozo, nayerekeza ndi mndandanda umene ali nao, motero amadziwa ukulu wa cithunzi.

Mkangano umabuka pa patenti, cikalata ca Boma copatsa mwini luso mphamvu yoletsa ena kupanga kapena kugulitsa cinthu cace kwa zaka 20. Kampani ina imati kuwerenga kotere ndi luso lace. Inzace imayankha kuti katswiri aliyense wa zamagetsi akanaliganiza mosabvuta. Mwini cikalata akapambana, ena amalipira, ndipo ndalamazo zikhoza kugwera wogula m'sitolo.

Muyeso woweruzira milandu yotere unacokera kumunda. William Graham anali ndi patenti ya pulawo imene dzino lace limadumpha likagunda mwala m'malo mothyoka. Atasintha kaikidwe ka zitsulo zogwira dzinolo, anatenga patenti ina mu 1953, nasumira kampani ya John Deere. Mu 1966 Khoti Lalikulu la America linafafaniza patentiyo, ponena kuti kusinthako kunali koonekeratu. Oweruza anaika mafunso atatu: cinalipo kale nciani, catsopanoco cikusiyana naco bwanji, ndipo mmisiri wamba wa nchitoyo amadziwa zotani?

Mu 2007, pa mlandu wa KSR ndi Teleflex wokhudza copondera mafuta m'galimoto, khoti lomwelo linaonjezera kuti kuphatikiza zinthu zodziwika kale m'njira yodziwika, popanda cotulukapo cacilendo, kawirikawiri sikuyenera patenti. Wodzinenera umwini wa njira yozindikira ukulu wa cithunzi ayenera kupyola pa mpata womwewu.

Muno m'Zambia lamulo la Patents Act la 2016 nalonso limafuna kuti luso likhale latsopano, losaonekeratu kwa odziwa nchitoyo, ndi lotheka kugwiritsidwa nchito. Makalata amaperekedwa ku ofesi ya PACRA mu Lusaka, kapena ku bungwe la ARIPO mu Harare, limene linabadwa ndi pangano losainidwa mu Lusaka mu 1976.

Nkhaniyi siili kutali ndi Magodi. Wosula zitsulo amene amakonza mapulawo a ng'ombe ndi ngolo amasintha kacitsulo apa ndi apo caka ndi caka, monga anaphunzirira kwa akulu ace. Lamulo likanalola patenti pa kusintha kulikonse, munthu mmodzi akanatseka nzeru za amisiri onse m'thumba mwace. Koma wosula amene wapezadi cimene anzace onse anacilephera ali ndi ufulu wocilembetsa, ndipo ayenera kutero asanacionetse pa msika, pakuti luso likawanda silikhalanso latsopano pamaso pa lamulo.